Gemu ya Galimoto Inandilanditsa Boti

Mukadzafika ku Usisya n'kuona bambo wina wamtali akukapa madzi m'boti ndi chigubu chodula pakati, musadzavutike kufunsa kuti ndi ndani. Ndine. Miyezi itatu yapitayo woyendetsa boti limenelo ndinali ine, ndipo chimene chinandichotsa pa injini si mowa ayi, koma galimoto yofiira yomwe sindinaikhudzepo ndi dzanja.

Botilo ndi la apongozi anga, ada Manda (kwathu kuno bambo timati ada), mkulu wa mpingo amene amaseka kawiri pa chaka. Ndinaliyendetsa zaka zisanu ndi ziwiri, kunyamula anthu ndi katundu pakati pa Usisya ndi Nkhata Bay, osalikhulitsa pa mwala ngakhale kamodzi. Apongozi sankandikonda kwenikweni, koma boti lawo ankalikonda, ndiye ankandipirira. Mwana wawo Yotamu, mlamu wanga, mpando umenewo ankaulakalaka mpaka kuonda nawo. Mudzi wonse unkadziwa kuti ndikadzangophonya kamodzi, injini ndi ya Yotamu.

Ndiye mu Juni kunabwera mwera, mphepo ya kumwera ija yomwe imakhalitsa maboti onse pamtunda. Sabata zitatu zathunthu tili pa ulova. Tsiku lina ndikungoyendayenda ndinamva kulira kwa injini m'nyumba ya aphunzitsi a Mbewe, omwe boma linawatumiza kuno kuchokera ku Ntcheu. Ndinadabwa, chifukwa galimoto zofika kwathu kuno timaziwerenga ndi zala. Nditasuzumira ndinawapeza ali pa laputopu yotchajira ku sola, akuthamangitsa galimoto ya mpikisano, thupi lonse likupendekera uku ndi uku.

Ndinawaseka. Ndinati munthu woopa kukwera bwato ngati iwo sangandiuze kanthu pa nkhani yoyendetsa, ndipo ndikhoza kuwagonjetsa diso limodzi nditatsinzina. (Pakamwa pangapa pandipalamulira zambiri, koma apa panachita kuonjeza.)

A Mbewe anangomwetulira n'kundipatsa kachipangizo ka mabatani kogwira manja awiri, iwo amati padi. Anandilangiza bwinobwino: batani ili ndi la moto, ili ndi buleki, kandodo aka kali pansi pa chala chachikulu n'kokhotera. Ukakankhira kumanja, galimoto ipita kumanja. Ndinawauza kuti asanditayitse nthawi, ayambe.

Apa ndiyambe ndafotokozera inu a kumtunda. Injini ya boti ili ndi mkono umene woyendetsa amagwira. Ukafuna kukhotera kumanja, mkonowo umaukankhira kumanzere. Ukafuna kumanzere, umaukankhira kumanja. Zimenezi munthu saganiza, dzanja limachita lokha, ndipo langa linali litazichita zaka zisanu ndi ziwiri.

Kona yoyamba inali yokhotera kumanja. Ine chala kumanzere, galimoto pakhoma, phwaa! Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu ndinakalowa m'khamu la oonerera (mwamwayi anthu a mu gemu sapita kupolisi). A Mbewe anamaliza mpikisano, kupita kukamwa madzi, kubwerako, ine ndidakali kulimbana ndi khoma lomwe lija. Akazi awo anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde.

Aphunzitsi ndi aphunzitsi basi, vuto langa analiona msanga. Anatsegula pomwe amasinthira mabatani n'kunena kuti: "Ada, musavutike. Gemuyi imalola kutembenuza kandodoka kuti kaziyenda ngati mkono wa boti. Mphindi imodzi yokha ndakukonzerani."

"Mundikonzere ine?" ndinatero. "Kuti mawa muzikauza anthu kuti munandichepetsera mayeso? Siyani momwemo. Dzanja ndi langa, lindimvera."

Kuyambira tsiku limenelo ana akangoweruka kusukulu, ine ndili pakhomo pa a Mbewe ngati wobwereza kalasi. Ndinaphunzira kuponda buleki kona isanafike, osati uli kale m'kati mwake. Ndinaphunzira kubwezera moto potuluka. Koma nkhondo yeniyeni inali ya chala. Ndinkachilankhula mokweza: kumanja ndi kumanja, chitsiru iwe! Kunyumba ndinkayeserera pa chidutswa cha chinangwa. Lamulungu m'tchalitchi mkazi wanga, nyaManda, anachita kunditsina ataona chala chikuyenda chokha pa buku la nyimbo, ine ndikupendekera pa benchi pakati pa ulaliki. Anandifunsa ngati ndayamba kudwala, ndinati ndi mzimu.

Tsiku la khumi ndi chiwiri ndinawagonjetsa a Mbewe. Abale inu, chimwemwe chake! Ndinatuluka panja ndikuvina, ndinauza aliyense amene ndinakumana naye, ngakhale amayi ogulitsa usipa amene sankadziwa chomwe ndikunena. Chala chinali chitamvera. Sindinadzifunse kuti chamvera n'kuiwala chiyani.

Patangopita masiku awiri mwera unaleka. M'mawa boti linadzaza: matumba a ufa wa kondowole, usipa wouma, mbuzi imodzi, amayi asanu ndi atatu, ndi Yotamu amene ankakapa madzi. Kutsogolo kunakhala apongozi, ali mu suti yakuda, akupita ku msonkhano wa akulu a mpingo. (Ife Atonga suti sitiseweretsa, ndipo iyi anali ataisita ndi makala kuyambira mbandakucha.)

Tikungochoka padooko pali mwala wina kumanzere, woti ngakhale mbuzi ija inkaudziwa. Ndaudutsa kambirimbiri ndikucheza. Tsiku limenelo, titauyandikira, msodzi wina anatulukira ndi bwato kutsogolo kwathu, ndipo ndinafunika kukhotera kumanja msangamsanga. Dzanja langa lophunzira bwino lija linakankhira mkono kumanja. Boti linalunjika kumanzere. Nditaona mwala ukubwera, mutu unati bweza, dzanja linati kumanja ndi kumanja, n'kukankhanso. Ndipo poti potuluka pa kona timabwezera moto, ndinapotokola mafuta.

Phokoso lake sindidzaliiwala. Boti linakwera pamwala n'kupendekeka, pulopela inathyoka, matumba awiri a ufa anagwera m'madzi. Palibe anavulala, Mulungu ngwabwino, pamalopo madzi ndi olekeza m'chiuno. Koma apongozi anali atapita chagada. Anadzuka pang'onopang'ono, suti ikuchucha, ufa uli phala pamapewa, Baibulo atalikweza m'mwamba kuti lisanyowe. Sanakalipe. Anangondiyang'ana, ndipo ine ndinalakalaka akanandimenya. Yotamu ankayesetsa kuonetsa nkhope yachisoni koma mano ankamutuluka okha.

Masana apongozi anandiitanitsa pakhomo pawo. Anafunsa ngati ndinamwa, ndinakana. Ngati ndinadwala, ndinakana. Ndinayesa kunamizira mafunde, koma nyaManda, mkazi wanga wa ine mwini, anati ndinene zoona apo ayi anena yekha za m'tchalitchi zija. Ndinaulula zonse, mutu uli pansi.

Apongozi anati akufuna akachione ndi maso awo chinthu chimene chathyola pulopela yawo. Tinanyamuka ulendo wa kwa a Mbewe, iwo patsogolo, ine pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Mumtima ndinayamba kulimbako. Mkuluyu anayendetsa maboti zaka makumi atatu ine ndisanabwere, ndiye ndinadziwa kuti khoma lija likumudikira, ndipo akalilawa andimvetsa.

Analilawadi. Kona yoyamba, phwaa! Ndinatsokomola kuti ndibise kuseka. Apongozi anayang'ana padi ija, kuyang'ana chala chawo, n'kufunsa a Mbewe ngati chinthuchi sichingatheke kuchitembenuza kuti chiziyenda ngati boti.

"Zimatheka, ada," anatero a Mbewe. "Mphindi imodzi."

"Yewo, tembenuzani."

Basi. Popanda manyazi, popanda mtsutso. Mkulu wa mpingo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi anayamba kudya makona ngati akuzemba miyala ya padooko. Ulendo woyamba anafika wachisanu. Wachitatu anafika pambuyo penipeni pa a Mbewe, malo amene ine ndinawavutikira sabata yathunthu. Ndipo anaseka, anthuni, kuseka kwenikweni mano onse panja, kachitatu chaka chimenecho.

Atabweza padi anafunsa aphunzitsi ngati mkamwini wawo anauzidwa kuti zimatembenuzika. A Mbewe, munthu amene ndinkamuyesa mnzanga, anati anandiuza tsiku loyamba lomwe.

Apongozi anatembenukira kwa ine n'kunditchula ndi dzina la mwana wanga. "Bambo a Suzgo, mwala ndikanakukhululukirani, pakuti aliyense amagunda. Koma munthu wokana kuthandizidwa sindingamupatse anthu anga kuti awanyamule pamadzi. Chigubu chokapira chili kwa Yotamu, mukatenge."

Ndiye ndi zimenezo. Yotamu amayendetsa ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi, koma sanagundebe, ngakhale ndimapempherera tsiku lililonse. Kwa a Mbewe ndimapitabe Loweruka, ndipo kandodo kaja sindinalole kuti akatembenuze mpaka lero, chifukwa munthu suluza boti n'kuluzanso mfundo. Vuto ndi lakuti ndikafika ndimapeza apongozi atakhala kale pampando, ndipo ndimadikira panja mpaka atatopa.