Mfunda wa Tadala

Lolemba, 7 Julaye
Tilipo atatu m'galimoto: madamu, ine, ndi Tadala, mwana amene mabwana angawa anamutenga kunyumba ya ana amasiye ku Malawi ali khanda. Lero akuyamba kampu kuno kunja, kudera la Old Airport, ya ana oleredwa ndi azungu, kuti adziwe zakwawo. Ana a ku Malawi alipo atatu. Mphunzitsi wawo ndi Naphiri wina wa kuhotela ku Al Dafna, wamilomo yofiira. Ndiye kuti "zikomo" ndi kugwada anamuphunzitsa ndani mwanayu? Firiji?

Lachiwiri, 8 Julaye
Akuti Loweruka mwana aliyense adzatchule mfunda wake. Mapepala a Tadala alibe mfunda. Basi, ndimupatsa wanga. Ndikumuluka tsitsi uku ndikunong'oneza: Nabanda, Nabanda.

Lachitatu, 9 Julaye
Wabwera atavala chitenje cha Naphiri. Akuti Anti Naphiri ali ndi khadi lotsegula zipinda zonse za hotela. Ine langa limatsegula geti.
Zochita mawa:
mandasi
kumuphunzitsa phada
makatuni osamuletsa

Lachinayi, 10 Julaye
Mandasi wadya anayi. Otsala wanyamula kukapatsa Naphiri. Uthenga wabwera nawo: "Shuga wachepa, achemwali." Phada akuti anaphunzira kale dzulo.

Lachisanu, 11 Julaye
Lero ndili pa ofu. Ndakumana ndi Naphiri kutchalitchi, ndamupatsa moni mwaulemu. Akuti Tadala ali ndi mphumi ya Aphiri. Mphumi! Ndangoti inshallah. M'sitima ya metro ndapitirira siteshoni yanga.

Loweruka, 12 Julaye
Tsiku lotseka kampu. Ndavala duku latsopano. Mnyamata woyamba wati Mwale, anthu aombera m'manja. Tadala waimirira, wayankhula m'Chingerezi kuti mfunda wobwereka sakuufuna. Kenako m'Chichewa chake chotsimphina: "Amayi ondibereka anali ndani?"
Madamu ayang'ana Naphiri. Naphiri wayang'ana ine. Ine ndayamba kutolera makapu, ena akadali ndi juwisi.

Lamlungu, 13 Julaye
Kampu yatha. Ndikusita, Tadala wakhala pansi pafupi ndi dengu la zovala. Akufunsa ngati kwathu munthu angayende mudzi ndi mudzi kufunsa za mayi ake. Ndati angayende, koma midzi ndi yambiri, ndipo ena sayankha msanga. Akuti palibe kanthu, akadzakula tidzapita tonse: iyeyo, ine, ndi Anti Naphiri.
Ndavomera. Koma pa basi Naphiri adzakhala kumbuyo, ndi katundu.