Mmene Ndinagwirira Mbava ya Buku Langa

Nkhani iyi ndaibisa zaka ziwiri, koma poti ku Kandeu kuno ngakhale ana a sukulu yamkaka akuidziwa, bola ndiinene ndekha adani asanaithire mchere wambiri. Ndi yamanyazi, ndipo mwini manyaziwo ndine, a Nyoni, mphunzitsi wopuma pantchito, munthu amene anthu ankandipatsa mpando wakutsogolo pamaliro.

Nditapuma pantchito ndinalemba buku. Malemu bambo anga anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni zaka zambiri, ndipo nkhani zawo ndi za anzawo ndinazisonkhanitsa n'kuzitcha Sutikesi ya ku Joni. Ndinakasindikiza pa boma pa Ntcheu, mabuku katoni yodzadza. Tsiku limenelo ndinayenda ngati nduna.

Anthu anayamikira chikuto. Kugula ayi. Chaka chinatha katoni ija ili pansi pa bedi, ndipo owerenga anga okhulupirika anali makoswe, amene anali atafika kale pa chaputala 4.

Tsiku lina ndinali pa msika wa Manjawira. Ndinaima pa benchi ya tomato, koma mayi wogulitsa sanandiyang'ane n'komwe. Maso ali pafoni, akuseka mpaka misozi.

"Mayi, mugulitsa kapena museka?"

"Pepani bambo, dikirani pang'ono. Munthu uyu wafika ku Joni, waona lifiti koyamba, ndiye akuvula nsapato, ati ndi chipinda cha bwana!"

Mtima unagunda kuti thi! Wovula nsapato pa lifitiyo anali bambo anga ondibala, tsamba 12.

"Mwalitenga kuti buku limenelo?"

"Ndi laulere ili, likungoyenda m'mafoni. Muli ndi bando? Ndikusheyareni."

Kundisheyara ine! Buku limene ndinalemba zaka zitatu mpaka msana kupindika!

"Mayi, mukudziwa kuti mwini bukulo ndine?"

Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, kenako anakuwa. "Amayi, bwerani mudzaone! Wolemba uja ndi awa!" Anandizungulira a tomato, a kabichi, a usipa. Wina anandijambula, wina anafunsa ngati malume a mu chaputala 7 anabwereradi kwa mkazi wawo. Mwini benchi anandiwonjezera tomato anayi apamwamba.

Munthu wanzeru akanasangalala. Ine ndinatupa ngati finye.

Lamulungu, titatuluka m'tchalitchi, abambo tinakhala pansi pa mtengo wa mango monga mwa nthawi zonse. Ndinaimirira n'kulengeza kuti pali mbava imene yaba buku langa n'kuliponya m'mafoni, ndipo ndiisaka mpaka ndiigwire. A Chimbalanga, mkulu wa mpingo amene fungo la nyama amalimvera kutsidya kwa mtsinje, anatchera khutu.

"Nanga ikagwidwa, aphunzitsi, ichitidwe chiyani?"

"Ilipe mbuzi! Tiidye abambo tonsefe, mbavayo itagwada!"

"Ngakhale atakhala m'bale wanu?"

"Ngakhale atakhala abusa!"

"Madoda, mwamva?"

"Tamva!"

Kwathu kuno mawu onenedwa pamaso pa madoda sabwezedwa. Ndinkadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ndinawanena mokweza.

Kunyumba ndinapeza mayi akunyumba, Nangozo, akusenda nandolo pakhonde. Nkhani inali itandidutsa kale panjira.

"Kodi bambo a Chifundo, anthu akawerenga buku lanu, inu mwataya chiyani? Si lomwelo mumadandaula kuti likutha ndi makoswe?"

"Copyright, Nangozo! Zimenezi simungazimve."

"Chabwino. Musake bwino."

Anapitiriza kusenda nandolo wawo, ndipo ine ndinaganiza kuti ndawapambana.

Lachiwiri ndinabwerera ku Manjawira nditavala nkhope yawapolisi. Mayi wa tomato uja anandionetsa kuti bukulo anamutumizira ndi msuweni wake Esinati, wa ku Champiti. Ndinalemba dzinalo m'kope, ndinakwera kabaza, ulendo wokagwira mbava.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Pakhonde panali madala anayi, ndipo pakati pawo mayi wina akuwerenga mokweza kuchokera pafoni. Anali Esinati. Amene anakhala pampando wandalema anali bambo ake, a Ndau, maso atachita khungu, chifuwa chikulira ndi fumbi la kumigodi. Mawu amene ndinakonza panjira anali aukali, koma nditangotchula dzina langa, mdalayo anaimirira ndi ndodo.

"Mwana wa Nyoni? Bwera ndikugwire! Bambo ako tinagona nawo kompaundi imodzi. Za lifiti zija ine ndinalipo, nsapato zawo ndinawanyamulira ndine!"

Anandipapasa kumaso ndi dzanja.

"Zaka zonsezi ana angawa ankati ndimanama za ku Joni. Pano zalowa mufoni, ayamba kukhulupirira. Tsiku lililonse Esinati amatiwerengera, anzangawa amabwera ndi mipando yawo. Ife tikanalipeza kuti buku? Kuno shopu yake ndi ya sopo ndi mchere."

Madala ena aja anati akufuna buku lapepala, losayinidwa ndi dzanja langa, loti akasunge m'sutikesi. Atatu tsiku limodzi! Katoni yanga inali isanaonepo mwayi wotere. Kenako a Ndau anatembenukira kwa mwana wawo.

"Esinati, kagwire tonde uja. Mwana wa mnzanga asabwerere chimanjamanja."

Sindinama, misozi inalengeza. Ndinamva ngati bambo anga adzuka n'kukhala nafe pakhondepo. Apa ndiye pamene munthu wa nzeru zake akanatseka kope n'kubwerera kwawo ndi mbuzi yake mwamtendere. Koma ine, ndikupukuta misozi, ndinamukokera Esinati pambali.

"Mayi, nanga inuyo anakutumizirani ndani?"

"Linabwera pa gulupu ya amayi a kutchalitchi. Analiponya ndi mayi ena a kwanu ku Kandeu konko. Nambala yake ndi iyi."

Anandiwerengera. Sindinafunike kuilemba. Nambala imeneyo ndimaiimba tsiku lililonse pofunsa ngati ndiwo zapsa.

Nangozo!

Panjira, tonde atamangidwa pamiyendo panga akulira, nzeru zoipa zinandibwerera. Nangozo ali ndi mbuzi zisanu m'khola, ndipo salola kuti iphedwe ndi imodzi yomwe, ngakhale pa Khirisimasi. Komanso pazaka makumi atatu za banja lathu sindinapambanepo mkangano. Mulungu andipatsenso chiyani? Ndinaimitsa wakabaza n'kuimbira a Chimbalanga.

"Mbava yapezeka! Mawa mubwere kwathu ndi madoda."

"Mbuzi ilipo?"

"Zilipo zisanu, mudzasankha nokha!"

Kunyumba nkhani ya mbava ndinaibisa. Tonde wanga ndinamumanga pa mtengo wa gwafa, ndipo ndinauza Nangozo kuti imeneyo ndi royalty yanga yoyamba, malipiro a wolemba buku. Anati zikomo, Mulungu ndi wabwino.

M'mawa mwake madoda anafika khumi ndi awiri, ena amene ngakhale kutchalitchi sitiwaona. A Chimbalanga anali ndi mpeni wokulunga m'nyuzipepala ndi kapepala ka mchere m'thumba la jekete. Ndinaitana Nangozo. Anabwera akupukuta manja pachitenje n'kukhala pamphasa.

"Nangozo, pamaso pa madoda awa, munatumiza buku langa pa gulupu ya amayi, inde kapena ayi?"

"Inde, ndinatumiza."

"Mwamva! Case closed!"

"Si gulupu imodzi yokha," anatero. "Ya amayi, ya kwaya, ya achibale a ku Bwanje, ngakhale ya ogula feteleza."

Madoda anagwira pakamwa. A Chimbalanga anayamba kumasula nyuzipepala, maso ali kukhola.

"Koma ndiloleni ndilowe m'nyumba kaye," anatero Nangozo.

Anatuluka ndi foni yawo kudzanja limodzi, kwinako magalasi anga.

"Valani awa, bambo a Chifundo. Ndikudziwa mumati amakukalambitsani, koma lero valani."

Ndinavala. Anatsegula uthenga wakale n'kundipatsa. Unali wochokera kwa ine, nthawi imene tinkakonzekera mwambo wa chiliza cha bambo anga. Ine ndiye ndinali tcheyamani, ndipo ndinkatumiza pulogalamu ya mwambowo. Koma mufoni mwanga munali ma PDF awiri ofanana ngati mapasa, onse ofiira: pulogalamu ija, ndi buku lonse limene osindikiza ananditumizira kuti ndilione. Chala changa, chopanda magalasi, chinasankha chokha.

A Chimbalanga analanda foni n'kuwerenga mokweza zimene ndinalemba pansi pake, ngati akuwerenga kalata ya mtumwi:

"Nangozo, tumizani ichi kwa aliyense, m'magulupu onse, lero lomwe. Asapezeke munthu wonena kuti sanalandire."

Anawerenganso kachiwiri, ati ena akumbuyo sanamve.

"Nanga bwanji simunandiuze?" ndinafunsa ndi kamawu kakang'ono.

"Ndinakuuzani kuti pulogalamuyi yatalika, masamba handiredi ndi kanthu. Munati za mapulogalamu ndisiyire anthu ophunzira. Ine ndine ndani kuti nditsutse bambo am'nyumba?"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo nkhuku zinathawa pabwalo. Mdala wina anagwa pampando. Ine thukuta lili kamukamu, ndinaona kuti m'pofunika kusintha giya msanga. Ndinaimirira, ndinakonza tayi.

"Madoda, tiyeni tiione nkhaniyi mwauchikulire. Free ebook ndi chitukuko! Buku laulere limafika kumene katoni singafike. Ku Champiti akuwerenga, ku Manjawira akuwerenga. Wolemba amafuna chiyani kuposa owerenga? Kunena zoona, munthu amene anachita zimenezi ndi wofunika kumuthokoza."

"Amen, aphunzitsi," anatero a Chimbalanga. "Mawu amoyo amenewo. Timuthokoza akagwada. Mbuzi ili kuti?"

Ndinayang'ana kukhola, kenako kwa Nangozo, ndi maso aja ndinawafunsira nawo mbeta.

"Mayi a Chifundo, paja banja ndi thupi limodzi..."

"Mbuzi zanga sizinabe buku la munthu," anatero, akudzuka kukatereka madzi.

Pamenepo tonde wanga, amene akanangokhala chete mwina akanaiwalika, anakuwa pa gwafa paja kuti meee! Madoda onse khumi ndi awiri anatembenuka nthawi imodzi.

Pofika masana royalty yanga inali pamoto. Ndinagwada pabwalo langa lomwe, nditavala tayi ndi magalasi, n'kupepesa kwa wolemba, amenenso ndi ine, ndipo wolembayo anandikhululukira movutikira kwambiri. Malipiro oyamba a zaka zitatu za thukuta langa ndinawalawa ndili chigwadire: kachiwindi kamodzi, kamene a Chimbalanga anandipatsa pansonga ya mpeni, ati mbava nayonso ndi munthu.

Abale anga, musanaitane madoda kudzaweruza mbava, yambani mwavala magalasi.