Botolo Langa Pazenera la Bambo Krenek

Bambo Elwood Krenek, pulambala wa tauni yathu ino kumadzulo kwa Texas, ankasunga zinyalala za m'magiza, mathanki otenthetsera madzi m'nyumba za anthu. Kunena molondola, ankasunga laimu, uja amaundana pansi pa thanki chifukwa cha madzi athuwa, amene ngakhale sopo amachita nawo ulesi kutulutsa thovu. Akatsuka giza ankakokolola laimuyo, kumuthira m'botolo, kulembapo dzina la mwini nyumba, n'kukaliika pazenera la shopu yawo moyang'anana ndi positi ofesi, pamene tauni yonse imadutsa.

Langa linali pakati. Linalinso lalikulu kuposa onse, ndipo linalembedwa kuti: Ofelia Barrientos, mphunzitsi wa sayansi. Mawu atatu omalizawo sanali ofunika n'komwe.

Zinayamba giza yanga itayamba kuthetheka ngati mbuliwuli m'chiwaya. Bambo Krenek analowa m'galaja osapereka moni, anagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pathanki, chogwirira chake n'kuika kukhutu. Anamvetsera atatsinzina.

"Aphunzitsi, munaikhutula liti?"

"Kodi imakhutulidwa?"

Anatsegula diso limodzi. "Ana athu mumawaphunzitsa chiyani kusukuluko?"

"Ingondiikirani yatsopano, Bambo Krenek."

"Yatsopano kuti mukaiphenso? Iyi sinalakwe. Zaka zisanu ndi zinayi ikukutenthetserani madzi itakhala pamiyala. Inu mungaphike mutakhala pamiyala?"

Mawa lake botolo linali pazenera. Ana a m'kalasi mwanga ankapita kukalijambula. Mmodzi anafunsa mwaulemu wonse ngati lidzabwere pamayeso.

Sindinali ndekha. Bambo Mfumu a parishi yathu anapita okha kukapempha kuti lawo lichotsedwe.

"Elwood, ine machimo ako ndimawasunga mwachinsinsi."

"Ndi ntchito yanu imeneyo, Bambo. Yanga ndi ya pazenera."

Mayi Verna Hoelscher, a malo odyera a m'tauni muno, anayesa nzeru. Anakagula giza yatsopano kumzinda, anabwera nayo ataifunditsa bulangete, yakale n'kukaitaya kudzala. Bambo Krenek anaipeza. Akuti anaizindikira ndi nati imene anamanga okha zaka khumi zapitazo. Anaicheka pakati, n'kudzaza mabotolo awiri. Pansi pa dzina la mayiwo analembapo kuti: Anathawa.

Ine sindithawa. Ndinalembera Bambo Krenek kalata ya masamba atatu, yofotokoza kuti dzina la munthu si choseweretsa. Anandibwezera kalatayo atalemba kuseri kwake mmene amakhutulira giza: zimitsani gasi, mangani paipi kumpopi wa pansi, tsegulani mpopi wa madzi otentha m'nyumba, dikirani. Ndinapita nayo kushopu.

"Ndikufuna botolo lija lichoke."

"Lichoka. Mwezi wa Okutobala uliwonse muzikhutula nokha, musefe laimuyo ndi nsalu, mubwere naye. Akapanda kudzaza kapu iyi zaka zitatu zotsatizana, ndilichotsa ndi manja angawa."

Kapu yake inali ya khofi, yothyoka chogwirira. Ndinawauza kuti chimenecho si chida choyezera. Anati giza yanga sinapite kusukulu.

Chaka choyamba ndinapambana. Chachiwiri ndinapambananso. Chachitatu anagwedeza kapu, n'kuisuzumira cham'mbali ngati munthu wogula kavalo.

"Yasefukira."

"Sinasefukire. Mwaipendeketsa."

"Tiyambirenso."

Tinayambiranso, ndipo chaka chachitatu chinafikanso. Ulendo uno anati laimuyo ndi woyera kwambiri, ndiye kuti ndamutsuka. Ulendo wina anati ndabwera pa 2 Novembala, ndipo Novembala si Okutobala. Pamenepo sindinatsutse, koma ndikufuna zidziwike kuti ndinali kuchipatala ndi bondo. Ndinapuma pantchito botolo lili pompo. Dzuwa likafufutitsa dzina langa, Bambo Krenek ankalidetsanso ndi cholembera, mosamala, chilembo chimodzichimodzi. Mwamuna wanga Anselmo, asanamwalire, ankati ndingolowa m'shopumo ndi nyundo. Ndinakana. Ndinkafuna lichoke mwachilungamo, mwini shopuyo avomere pamaso panga.

Okutobala wa chaka chatha ndinakonzeka ngati wopita kukhoti. Chinali chaka chachitatu, kachinayi. Ndinakhutula pa 6, ndinajambula chilichonse, ndinatenga Mayi Hoelscher kuti akhale mboni. Laimu anali theka la kapu, mwina kuchepera. Titafika tinapeza chitseko chotseka, Darla, mwana wa Bambo Krenek, akutsitsa mabotolo n'kumawaika m'makatoni. Bambo ake anali atamwalira m'mawa wa dzulo lake, atakhala pampando, nsapato imodzi atavala kale.

Pamaliro ndinakhala chete monga kuyenera. Koma Loweruka lotsatira, Darla ataitana anthu kuti aliyense adzatenge botolo lake, ndinapsa mtima. Onse anachotsedwa tsiku limodzi: Bambo Mfumu, amene sanakhudzepo paipi, Mayi Hoelscher ndi mabotolo awo awiri, ndi ine, amene ndinagwada pasimenti ya galaja zaka khumi ndi zisanu.

"Darla, mwana wanga, izi si zoona. Langali linayenera kuchoka palokha. Ndinakwanitsa."

"Munakwanitsa kalekale, Mayi Barrientos. Adadi ankanena patebulo."

"Ankanena chiyani?"

"Kuti m'tauni yonse muno wokhutula giza ndinu nokha. Enawa anangozolowera manyazi. Ankati akadzalichotsa, nanunso mudzasiya."

"Ndiye ankandinamiza dala."

"Kapu ija anali nazo ziwiri," anatero Darla akupukuta m'maso. "Yaing'onoyo ankaitulutsa akakuonani mukuwoloka msewu."

Ndalingalira mawu oyenera kulemba pano, ndipo sindinapeze ena: chimenechi ndi chinyengo. Ndikanakonda kuwauza ndekha.

Shopu ija tsopano amametamo agalu. Giza ikathetheka, kumabwera galimoto yochokera kumzinda, anthu ake aulemu kwambiri, ovala mapulasitiki kunsapato. Samvetsera thanki. Amatulutsa yakale, kulowetsa yatsopano, ndipo palibe amene amakufunsa kuti ana ukuwaphunzitsa chiyani. Anthu amadutsa pa positi ofesi osacheuka. Mayi Hoelscher asintha kale giza ina, masana dzuwa likuswa mtengo, popanda bulangete, ndipo akuti sizinawakomere.

Yanga idakali yomwe ija, ya zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo sithetheka. Botolo lili pashelefu m'galaja, dzina likuyang'ana kukhoma. Sabata yatha ndinazimitsa gasi, ndinamanga paipi, ndinadikira. Bondo linadandaula. Ndinasefa, ndinayeza kawiri ndi kapu yaing'ono ija, imene ndinapempha kwa Darla. Sinadzaze. Ndinaima nayo m'manja kwa nthawi ndithu, ndikudikira woti anene kuti yasefukira.