Galimoto ya Alamu Anga Yokana Kukhota

Akuti mng'ono wanga Esinati anathira mankhwala m'galimoto ya mwamuna wake. Pamsika wa Katete nkhani inali imeneyi, ndipo ine ndemwe theka la mtima linkavomera, poti mwana uja kufatsa kwake n'kokayikitsa. Koma inu amene mumatsutsa zimene ndinachita, sendezani mpando, ndikanama lilime langali lipindikire kukhosi.

Alamu anga a Mwale anagula galimoto yochokera kunja, yonyezimira moti atambala ankamenyana ndi zithunzi zawo pachitseko. Mwezi usanathe anayamba kudandaula kuti chiwongolero chikuwalanda manja: akati akhote, icho chimanjenjemera, kulira kuti tii-tii-tii, n'kuwabwezera mumsewu. Anaitanitsa ankhoswe kuti abwere Loweruka, akuti mkazi wolodza galimoto sangagone naye nyumba imodzi, alongedze mapoto abwerere kwathu ku Vubwi. Lachisanu m'mawa ndinamanga chitenje kawiri n'kukakhala pampando wakutsogolo wa galimotoyo.

"Alamu, tiyeni mukandionetse chiwanda chanucho."

Tinalowera msewu wa ku Sinda paliwiro loti mbuzi za m'mbali zinatsala zopanda ubweya, ndipo mtedza umene ndinamanga pansonga ya chitenje unadzisenda wokha, kudzikazinga, kusanduka chiponde tisanadutse ngakhale midzi itatu. Mukumva? Kutsogolo kunatulukira ngolo yodzaza matumba a chimanga, alamu n'kupotoza chiwongolero kuti aipitirire monga amachitira aliyense kuno, osayatsa indiketa, ndipo pomwepo chinthu chija chinadzuka, tii-tii-tii, chiwongolero kunjenjemera ngati wodwala malungo, kutikokera kungolo, alamu kukokera kumanja, icho kukokera kumanzere, uku thiraki yaitali ngati mzere wa kuchigayo ikubwera kutsogolo hutala ili pakamwa.

Alamu anatsinzina n'kuyamba kutchula mayi awo. Ine ayi. Ndinalumphira chiwongolerocho ndi manja onse, phazi limodzi pagalasi, mano pamalaya a alamu, ndinalimbana nacho mpaka ndolo zanga zinawongoka ngati misomali, ndiye m'kulimbanamo chigongono changa chinagunda kamtengo ka indiketa. Thi-tha, thi-tha. Chiwanda chija zii! Chiwongolero chinafewa ngati nthochi yakupsa, ndipo tinadutsa pakati pa ngolo ndi thiraki pampata wochepa moti tinachotsa nkhupakupa ziwiri pamsana pa ng'ombe, ng'ombeyo osaikhudza. Mukumva?

Titadutsa, ndinawalamula kuti ayesenso. Akayatsa indiketa n'kudutsa mzere woyera, galimoto phee. Akapanda kuyatsa, nkhondo. Kasanu konse. Ndinasuzumira kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo n'kupeza kadiso kakuda kakuyang'ana msewu, ndipo ine wolekezera Giredi 7 ndinazindikira zimene zinakanika amuna a ndevu: galimotoyo imalondera mizere, ukadutsa mwakachetechete imayesa wagona tulo, imakubweza.

"Nanga alamu, chimakuvutani kwambiri pati?"

"Pakanjira kakumanja tisanalowe Sinda, tsiku lililonse," anayankha asanaganize.

"Kumeneko muli ndi munda?"

Thukuta linatsika, abale, mpaka linadzaza nsapato zawo n'kusefukira pabuleki. Njira yonse yobwerera ine ndinkangodya chiponde changa.

Loweruka ankhoswe anakhala pamphasa, Esinati maso ali psuu, katundu wake atamanga kale m'chitenje pakhomo. Ndinaimirira n'kunena kuti tonse tikwere galimotoyo, tikakhote pakanjira kaja indiketa ikuyaka, tikaone kumene kamathera. Amalume athu, mmodzi wa ankhoswewo, anayamba kufunafuna chipewa chawo kuti tinyamuke. Pamenepo alamu anaterereka pampando n'kugwada, osati kwa ankhoswe, koma kwa Esinati mwiniwake, n'kuulula kuti kumapeto kwa kanjirako kuli mayi wina woluka tsitsi, ndipo indiketa sankayatsa dala kuopa kuti madalaivala a minibasi za ku Katete angaone kumene akulowera n'kubweretsa nkhani kumsika.

Esinati anamasula mfundo ya katundu wake pang'onopang'ono n'kutambasula dzanja.

"Bweretsani makiyi, bambo. M'nyumba muno galimoto yokha ndiyo inkandimvera chisoni."