Ndege pa Wilibala

Pulani inabadwa Lachitatu, pa botolo lachinayi. Pailoti, yemwe chibadwire sanakwerepo ngakhale padenga, anajambula mapu ndi chala m'mowa wotayikira patebulo.

"Kusitolo ya mankhwala a m'munda kuli kandege, anyamata. Mapiko mamita awiri, thanki yopopera kumimba. Mwini wake amakaulutsa poonetsa alimi. Tikangokagwira, taphula."

"Nanga tikagulitsa kwa ndani, alamu?" anafunsa Nsikidzi, mlongo wa mkazi wake.

"Wogula amabwera katundu akapezeka. Inu ntchito yanu ndi wilibala."

Chigamba, wachitatu, anavomera ndi mutu. Iyeyu amavomera chilichonse bola wina akugula mowa.

Nsikidzi anakumbutsa Pailoti lumbiro la mlongo wakeyo: akalowanso ndende, adzatuluka n'kupeza loko watsopano pachitseko.

"Alongo anuwo ndi pakamwa chabe," anatero Pailoti.

Lachisanu masana, mwini sitolo atapita kukadya, anakanula chitseko cha kuseri. Ndege inali pabenchi, yachikasu, yonyezimira kuposa nsapato za Pailoti. Pambali pake panali kabokosi kakuda ka mlongoti ndi timitengo tiwiri.

"Tinyamulenso aka?" anafunsa Nsikidzi.

Pailoti anakaika kukhutu, nakagwedeza. "Wailesi yakufa iyi, ilibe ndi sipikala yomwe. Ife si otola zinyalala."

Anakweza ndege pa wilibala n'kuifunditsa bulangete, mapiko ndi mphuno zili panja ngati munthu wamtali pabedi la mwana. Anadzera mumsika, poti Pailoti anati pagulu mbava sioneka.

Sankadziwa kuti 2 koloko kunali chionetsero. Batire linali lolumikiza kale, thanki yodzaza madzi a utoto wabuluu, umene mwini sitolo amathira kuti alimi aone pogwera mankhwala. Mkuluyo atabwerako n'kupeza benchi ili yokha, sanakuwe. Anatola wailesi yakufa ija, naima pakhomo, nakankha kamtengo mpaka kumapeto, khutu ali tcheru.

Pakati pa msika, injini inalira ngati mavu chikwi. Bulangete linauluka n'kuphimba Chigamba. Pailoti anagwira ndege kumchira, mapazi akukhwekhwereza.

"Izimitseni, alamu!" anakuwa Pailoti.

"Swichi yake ili pati? Pailoti ndinu."

Mwini sitolo, atamva kumene kukulira katundu wake, anadina batani lopopera. Ndegeyo inagwira ntchito yake mwaukadaulo: atatu onse, kumutu mpaka kumapazi, popanda kudumpha mzere. Kenaka inapulumuka n'kukatera m'mulu wa kabichi.

Apolisi atafika anafunsa kuti mbavazo zinali zooneka bwanji.

"Zabuluu, bwana," anayankha mayi wa kabichi.

Chigamba anamugwira akupukuta nkhope ndi bulangete lomwe lija. Nsikidzi anamupeza pampopi ndi sopo, akungowonjezera thovu labuluu. Pailoti anathamangira kunyumba, mapazi ake akulembera apolisi njira yonse.

"Amayi a ana, tsegulani. Ndine."

Mkazi wake anasuzumira pawindo, namuyang'ana bwinobwino. "Mwamuna wanga ndi wakuda. Wabuluu sindikumudziwa."

Apolisi akumuveka unyolo, mayiyo anatuluka, nakhoma loko pachitseko kuti aone ngati akukwana. Anali atamugula Lachitatu, atangomva kuti Pailoti ali ndi pulani.