Mvuu ya Zingwe Zinayi

Kumudzi kuno munthu akatchula mvuu, anthu amayamba ayang'ana ine kenako n'kupitiriza nkhani yawo. Ndinazolowera. Ena amandifunsa ndi nkhope yachifundo ngati gitala ija ndidakali nayo, ndipo ndimayankha kuti ilipo, ili bwino, zikomo.

Ine ndine mkamwini. Ndinachoka kwathu ku Ngabu kudzakhala kwa akazi anga, mayi a Chisomo, m'mudzi wina kumunsi kwa Bangula, kufupi ndi Shire. Ntchito yanga ndi yokonza mafoni pamsika. Kwa apongozi anga aamuna, munthu amene khasu limamutulutsa matuza tsiku loyamba ndi mwana, ngakhale akhale ndi ndevu. Sanandinenepo choipa, ankangondiyang'ana m'manja. Koma chaka chimenecho anauza mayi a Chisomo (kuno mawu a apongozi mkamwini amawamvera kwa mkazi wake) kuti akakolola chimanga cha kudimba adzandidulira kachigawo kangakanga. Amene anakhalapo pachikamwini akudziwa tanthauzo lake: ukapatsidwa dimba ndiye kuti ayamba kukuwerengera pagulu la anthu. Ndinkalifuna dimbalo kuposa chimanga chimene chikanatulukamo.

Nthawi yomweyo woimba gitala ya besi wa kutchalitchi kwathu anasamukira ku Nchalo, gitala n'kutsala yopanda mwini. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine khasu linali litandikana kale, ndiye ndinaitenga. Vuto la gitala ya besi n'lakuti payokha siyankhula, imangong'ung'udza. Imafuna ampu, kabokosi kokuzira mawu, ndipo ampu ya kutchalitchi ndi chibokosi chonyamula anthu awiri chimene chimatuluka Lamlungu lokha. Panafunika yanga yophunzirira.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe. Wogulitsa anandionetsa zazikulu zolumikiza kumagetsi, koma kumudzi kwathu magetsi timangowaona akudutsa pamwamba pa mitengo. Ndinasankha kakang'ono, kofanana ndi buledi, kokhala ndi batire yake yotchaja pa sola, koti n'kukaponya m'chikwama n'kukwera nako kabaza. Mpaka lero ndimanena kuti ndinasankha bwino.

Wogulitsayo anandiuza zinthu zitatu. Anati ndisamakakweze mpaka kumapeto chifukwa kamabanika mawu. Anati ndikafuna kuti kazimveka kolemera ndizikaika pakona pa khoma. Kenako anandipatsa mahedifoni kuti ndigulirenso, ndiziimba ndekhandekha osasokoneza anthu. Ndinamuyang'ana munthuyo, atavala juzi masana, ndipo ndinadziwa kuti sanatsikepo kuchigwa. Kwathu kuno mu Okutobala ngakhale chipewa chimalemera, ndiye wina aziphimba makutu ndi masiponji? Ndinawakana. Pa malangizo atatuwo ndinasunga limodzi, la pakona.

Tsiku loyamba ndinayesera pakhonde. Sindinafike patali. Mayi a Chisomo anatuluka ndi chipande m'manja n'kundikumbutsa kuti mkamwini asamakule mwendo, nyumba ya bambo awo ili apo pomwepo, ndipo anthu akubwera kolima sangapeze mwamuna wamkulu akudodometsa nkhuku. Anali ndi mfundo. Ndinaganiza zopeza malo akutali, osauza munthu, kuti apongozi asadziwe kuti pamene ena akugwira khasu ine ndikugwira zingwe.

Malowo ndinawapeza kuseri kwa madimba, m'bango, m'mphepete mwa madzi. Panali bwato lakale lovundikira, losiyidwa. Khoma kunalibe, koma ndinaona kuti bwato ndi pakona pabwino kuposa khoma. Ndinalowetsa kaampu pansi pake, n'kukakweza mpaka kumapeto. Nditakhudza chingwe chachikulu, bwato lonse linanjenjemera, mawu n'kuyenda pamwamba pa madzi mpaka tsidya. Ndinasangalala kwambiri. Kuyambira pamenepo ndinkaweruka msanga kumsika, dzuwa likapendeka n'kuzembera m'bangomo. Nyimbo imene ndinkaphunzira inali ndi mawu atatu otsika ndi liwu lina lokoka, ndipo ndinkabwereza omwewo (enawo zala zinali zisanawafike). Batire ikayamba kutha, kaampuko kankasasa mawu, koma ine ndinkapitirizabe.

Patapita masiku mayi a Chisomo anandiuza kuti kudimba kwabwera mvuu. Bambo awo anali ataimva ikulira m'bango chakumadzulo. Mapazi ake sanawaone, ndipo zimenezo ndi zimene zinawadetsa nkhawa kwambiri: anati ndiye kuti idakaonerera chimanga ili m'madzi, kudikira kuti chikhwime. Mwa kalilidwe kake, anati ndi yaimuna yothamangitsidwa pagulu, ndiponso mwina yodwala. Zoterezi ndiye zoopsa.

Thupi langa lonse linazizira, chinthu chosachitikachitika kuno. Ndinali nditakhala masiku onsewo pafupi ndi chilombo osadziwa. Ndinathokoza Mulungu, komanso ndinayamikira kaampu kanga, kuti kakang'ono chonchi kangaphimbe kulira kwa mvuu mpaka ine osamva kanthu.

Monga munthu wanzeru, ndinasamuka. Ndinapita chakumtunda kumene kunali mgolo wobooka umene ankathirira mbewu, n'kulowetsa kaampu mmenemo. Mawa lake mayi a Chisomo anati mvuu ija yasamukira chakumtunda. Ndinabwerera kubwato. Nayonso inabwerera. Apa ndinayamba kuganiza kuti mwina mvuu zimakonda nyimbo, ndipo kunena zoona zinandikomera pang'ono, chifukwa panalibe wina amene anali atasonyezapo chidwi ndi kaimbidwe kanga.

Pamenepo n'kuti apongozi ndi alamu anga a Zuze atasiya ntchito zina zonse. Anakumba ngalande yaitali pakati pa bango ndi chimanga, anamanga zingwe zolendewera zitini, anagwirizana ndi eni madimba oyandikana kuti azilondera mosinthana. Ine ndinabwereketsa tochi yanga, ndipo kudzera kwa a Zuze ndinaperekanso maganizo akuti ngalandeyo aikumbe yakuya. Tsiku lina a Zuze anatiyeserera kulira kwa chilombocho tili pamphasa: katatu motsika, kenako kamodzi mokoka. Ndinamvetsera bwinobwino n'kunena mumtima kuti mlamu wangayu ali ndi khutu, akanalowa kwaya.

Loweruka lake, mawa lake ndikukaimba koyamba kutchalitchi, ndinalimba mtima n'kupitanso kubwato. Ndinali nditawerama, ndikulimbana ndi mawu okoka aja, pamene chibuma chinamenya bwato kuti phu. Kenako china. Kenako bango lonse linadzaza phokoso la zitini, zikwapu ndi anthu akukuwa. Amuna a m'madimba anali atagwirizana kuti aithamangitse kukadali kowala. Ine ndinamva mawu amodzi okha, akuti mvuu, ndipo sindinafunse kuti ili kuti. Ndinaliyatsa liwiro, gitala ili pakhosi, kaampu kakukwekwereka kumbuyo pa waya wake, kakubuulabe. Amene anali kutsogolo atamva kubuulako kukubwera kwa iwo anabalalika, wina mpaka anakwera mtengo wa papaya, mtengowo n'kugwa naye. Ine ndinathera m'ngalande. Inalidi yakuya.

Nditatukula maso ndinaona apongozi ataima m'mphepete, chitini m'dzanja ili, mtengo m'dzanja linalo.

"Akamwini, mwaiona?"

"Ayi, bambo. Koma ikhale ili pafupi."

A Zuze anatsikira m'ngalandemo kudzandidzutsa, ndipo pondigwira anakhudza chingwe chachikulu chija. Kaampu, kali m'matope, kanayankha. A Zuze anakhudzanso, katatu, kenako kamodzi mokoka, akuyang'ana bambo awo. Apongozi ananena mawu angapo m'Chisena (sindinafunsepo tanthauzo lake, ndipo mayi a Chisomo sanadziperekepo kundimasulira), kenako anabwerera ku Chimang'anja.

"Zimitsani mvuu yanuyo tizipita."

Lamlungu ndinaimba ndithu. Nditangokhudza chingwe choyamba, amayi a kumbuyo anaphimba kukamwa ndi nsalu, ndipo abusa anatsokomola nthawi yaitali. Koma zimenezo ndikanazipirira. Manyazi a pagulu amatha ndi sabata.

Chimene sichinathe ndi ichi. Popeza mvuu inali itapezeka kuti imadya nsima pakhomo pomwepo, anthu anamasula zitini, alonda anabwerera kunyumba zawo, ngalande anaiika matabwa kuti azidutsapo ndi madengu. Patapita masiku pang'ono, m'bandakucha wina, amene amakhala kufupi ndi madimba anamva kulira m'bango. Anauzana kuti mkamwini uja wayamba kulawirira, n'kutembenuka pamphasa. Ine nthawi imeneyo ndinali m'tulo, gitala ili pamsomali. Kutacha, chimanga cha apongozi cha m'mphepete mwa madzi chinali chitadyedwa, chotsala chitapondedwapondedwa, chimanga choti chinangotsala pang'ono kukolola. Ulendo uno mapazi analipo, aakulu ngati mbale.

Ndinamva chisoni chenicheni. Ndinaona apongozi akutola zitsononkho zophwanyika, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Za dimba langa ndinangozichotsa mumtima.

Koma apongozi anga ndi munthu wosunga mawu. Atakolola chimene chinatsala, anatumiza mayi a Chisomo kudzandiitana. Anayenda patsogolo, ine pambuyo patali pang'ono monga mwa ulemu, tinadutsa dimba lonse mpaka kumapeto kwenikweni, pamene nthaka imayamba kunyowa, pafupi ndi bwato lija. Anakhoma chikhomo apa, china apo.

"Lanu ndi ili," anatero. "Ndaona kuti pakufunika munthu amene amamvana nazo."

Ndinawomba m'manja n'kuthokoza monga amathokozera kuno kuti takhuta, bambo.

Mahedifoni ndinakagula pambuyo pake. Makutu amatuluka thukuta monga ndinanenera, choncho pa mfundo imeneyo sindinalakwe, ndipo wina akandifunsa za ampu yophunzirira ndimamuuzabe kuti agule kakang'ono ka batire, kamagwira ntchito. Chaka chino ndabzala chimanga changa m'mphepete muja, chamera bwino, matuza nawo anasanduka zikang'a. Ndimalondera ndekha, ndi chitini ndi tochi. Mvuu ikalira kumeneko ndimakuwa ndi mphamvu zanga zonse, koma palibe amene amabwera.