Zigamba za Apongozi

Lolemba, 20 Disembala

Mvula yaleka. Dzuwa lilipo, koma laulesi.

Chofunda chatsala pang'ono kutha. Ndachiyala pamkeka kuti ndichione bwino. Chachikulu! Anthu awiri agona, n'kutsalanso malo okwiyirana.

N'cha Tiyamike, mdzukulu wanga, ndi mwamuna wake Yohane. Anakwatirana chilimwe chathachi, mwana n'kumutenga kupita naye ku Chinsapo. Akubwera Loweruka kudzadya Khirisimasi.

Tsiku la ukwati ine ndinangovina. Agogo a kuchimuna anapereka bulangete la m'sitolo lokhala ndi chithunzi cha kambuku, anthu nthungululu ngati kambukuyo apha okha. Ine amene ndinamulera Tiya kuyambira ali wakumsana, amake ali ku fodya ku Kasungu, m'nyumba mwake mulibe ngakhale chipande chochokera m'manja mwanga. Loweruka zimenezi zitha.

Zigamba ndatola chaka chonse. Chitenje chikang'ambika pamudzi pano eni ake amati chatha, ine ndimati chayamba. Ndimadula polimba pokha, ndichape, ndisite, ndilumikize ndi singano ya pamanja. Makina ndi a telala wa pa Nsaru, amene msoko wake umamasuka munthu akayetsemula.

Zotsala:
kupinda m'mphepete
kuchapa
kuingitsa nkhuku, zikujompha maluwa a pansalu
kupeza pobisa, madala amuna anga asafunde

Madala ayang'ana, ati, "Chachuluka mitundu." Akunena munthu wovala sokosi zosiyana!

Mawa ndichiyanika pachingwe, mudzi uone.

Lachiwiri, 21 Disembala

Ndachiyanika. Mudzi waona. Ndikanadziwa ndikanachisiya m'nyumba.

Esinati, mwana wanga woyamba, amake a Tiya, akuchokera kopalira, khasu paphewa. Waima. Khasu pansi.

"Amayi, ichi si chitenje changa chija cha nkhanga?"

N'chomwecho. Chinathera m'chiuno mwake, n'kuchitaya kuseri kwa bafa.

"Ndiye mkamwini wanga afunde chitenje changa? Usiku? Atavula malaya?"

Ndati ndi nsanza chabe. Akuti nsanzayo ikudziwa m'chiuno mwake.

Apa sakunama. Uyu ndi Esinati amene akaona Yohane akubwera m'njira amapatukira m'chimanga. Moni amaperekera patali, atagwada, nkhope kumbali. Anamuphunzitsa ndani? Ine ndemwe. Koma ine kwa Yohane ndilibe manyazi. Mwamuna wa mdzukulu ndi mwamuna wanga, ndimamulanda chipewa, ndimamufunsa kuti sopo wanga ali kuti. Ndiye posoka ndinkangoona mitundu basi. Zoti nsalu ili ndi chipongozi sizinandifike m'mutu n'komwe.

Tsoka lake, chitenje cha nkhanga ndicho chinali chokongola kuposa zonse. Ndinachiika pakati penipeni, ndi m'ngodya zonse.

Lumo m'manja. Kumasula. Misoko ndinasoka yoti ifike kwa zidzukulutudzi, lero ndikulimbana nayo ndekha. Ndimasoka molimba ine, ndadzionera.

Pofika madzulo pakati pali chibowo choti mbuzi n'kudutsa. Madala alowetsapo mutu, ati, "Odi kuno!"

Sindinaseke.

Lachitatu, 22 Disembala

Ndakoka mbali ziwiri, ndalumikiza. Chachepako, koma anthu ongokwatirana kumene sagona motalikirana. Zili bwino.

Sizili bwino.

Watulukira Felesiya, mng'ono wake wa Esinati, wa geni ya tomato. Moni watsala m'njira.

"Ndamva za achemwali mwachotsa. Nanga zanga? Mayi wamng'ono si mayi? Yohane amandiombera m'manja ine!"

Mayi! Munthu amene anamugwetsa Tiya m'matope ali khanda, maso ali pa anyamata a mpira.

Koma mwambo uli mbali yake. Ndipo Felesiya ndiye mwini zitenje pamudzi pano, phindu la tomato lonse limathera m'chiuno. Zake zomwe ndinasoka:
cha masamba a chinangwa
cha mawotchi
chofiira cha ukwati woyamba
chachikasu cha ukwati wachiwiri
cha ukwati wachitatu mulibe, ukwati unatha chitenje chikadali chatsopano

Wakhala pakhonde, akudya mango anga, akuloza ndi mlomo. "Icho. Ichonso. Ako kali kumphepeteko." Kuthandiza kumasula, ayi, akuti wapaka zikhadabo za Khirisimasi.

Masana mvula yabweranso, yamphepo. Ndasamukira m'nyumba, m'nyumba mdima. Kulowetsa ulusi pasingano ngati kulowetsa ng'ombe m'khola la nkhunda. Ulusi woyera watha. Ndikusokera wakuda pa zoyera. Wodandaula abwere adzasoke.

Tsopano n'cha munthu mmodzi ndi mwendo wa mnzake.

Lachinayi, 23 Disembala

Kwacha ndi Anaphiri pakhomo. Sindinawaitane. Anaphiri saitanidwa, amangomva fungo la nkhani. Ndiwo anamulangiza Tiya asanalowe m'banja, ndiye amayenda ngati ukwatiwo ndi munda wawo.

Avala magalasi a amuna awo. Chigamba ndi chigamba, kutembenuza, kununkhiza, ngati ogula fodya.

Chigamulo chawo:

Chobiriwira chichoke. Chinali chawo, ndipo mlangizi ndi mayi.

Cha malemu achemwali anga chichoke. Banja latsopano silifunda za anthu ogona kumanda. Ichi chandiwawa. Achemwali ankamukonda Tiya, ankamubisira zitumbuwa.

Cha amayi a kumpingo chichoke. Chili ndi theka la vesi, ndipo akuti za pansi pa chofunda sizifuna vesi.

Cha chipani chichoke. Ine ndinadula poti mtundu wake ngwowala, sindinaone kuti patsalira diso limodzi ndi khutu la bwana wake. "Kodi ana azigona wina akuwayang'ana?" Apa pokha ndavomera mosavuta. Disolo n'losagona ndithu.

Ndawapatsa mango kuti azipita. Adya mango, sanapite.

Masana nkhani yafika kumjigo. Akubwera mmodzimmodzi, ndowa ali nazo pamutu:
mkazi wa mwana wanga wamwamuna, akuti ndi mayi
wa kutsidya kwa dambo, akuti anamuyamwitsako Tiya pamaliro ena
Nangozo, wobadwa pambuyo pa Tiya, akuti tikatsata bwino mtundu iye ndi azakhali
wina sindikumudziwa n'komwe, wangobwera kudzaona ngati chake chilipo

Mudzi wonse wasanduka apongozi! Yohane mwana wa eni anakwatira mkazi mmodzi, apongozi n'kupeza odzaza ngolo.

Chodabwitsa, palibe akutenga chigamba chake. Akungofuna chichoke. Dengu ladzaza.

Chala chapakati chatupa. Chofunda n'cha mwana wa sukulu, akapinda miyendo.

Lachisanu, 24 Disembala

Zatsala zanga zokha. Ine zitenje sindinakhalepo nazo zambiri, ndimavala mpaka dzuwa lizionekera mkati. Nditachotsa zowola, zotsalazo n'zokwana kuvindikira lichero.

Pakufunika nsalu yopanda chipongozi. Ndasaka nyumba yonse.

Thumba la feteleza, ayi. Limalira munthu akatembenuka, oyandikana nawo angamve zonse.

Katani ya pakhomo la kuchipinda, ayi. Inali chitenje cha Esinati.

Malaya oyera a madala. Eya! Madala ndi agogo, Yohane amamutcha wowalanda mkazi, amasekerana. Palibe choletsa. Eni ake ali kudimba. Ndadula kumbuyo kokha, kumunsi kumene kumalowa m'thalauza. Kenako ndakwerako pang'ono. Kenako pang'ono ndithu.

Abwera, akufuna kusita za mawa. Anyamula malaya, akuona mtengo wa mango kudzera kumsana kwake.

"Mayi, makoswe a chaka chino ali ndi sizasi?"

Ndati avale jekete osavula, kutsogolo kuli bwinobwino. Ati m'tchalitchi mumatentha. Ndati apirire, ndi Khirisimasi.

Ntchito zina:
thobwa, ndaphika
tambala, tamumanga mwendo, akudziwa
mpunga wabwera ndi Felesiya, theka ndi timiyala
khonde ndazira, nkhuku zasainapo

Ndapinda m'mphepete. Misoko njowongoka, amene akufuna abwere adzayeze. Kukula kwake, ngati thaulo la khanda. Ndachikulunga m'nyuzipepala zambirimbiri kuti mtolo uoneke wolemera.

Anaphiri adutsa, afunsa ngati angaonenso komaliza. Ndati chagona.

Loweruka, 25 Disembala

Khirisimasi. Kutchalitchi madala thukuta kamukamu, jekete ili m'thupi. Wina wawauza kuti avule. Ati akumva malungo.

Alendo afika tikungobwerako. Pa njinga yamoto! Yohane wayamba kabaza m'tauni. Njinga yogula kwa munthu, mpando wong'ambika, siponji ili panja. Matope mpaka m'makutu, onse awiri.

Esinati liwiro kuseri kwa nkhokwe. Mawu okha: "Mwayenda bwanji, bambo?" Yohane wavula chipewa, wayankha nkhokwe.

Ine ndati, "Amuna anga, mwagona kunja nthawi yonseyi, mwanditengera chiyani?" Shuga ndi buledi. Mwanayu analeredwa.

Tiya wanenepa masaya. Wandikumbatira mpaka mpango kugwa.

Tadya. Tambala wabwezera, nyama yake ngati tayala.

Mphatso. Tiya akumasula mapepala. Akumasula. Akumasulabe. Wachipeza. Wachitambasula, sichinachedwe kutambasuka. Wayang'ananso m'mapepala ngati china chatsalira.

"Agogo, n'chokongola. N'chovindikirira chiyani?"

Ndisanatsegule pakamwa Yohane wagwada, waomba m'manja, wachitenga, ulendo panja. Wachiyala pampando wa njinga, wamanga ndi mphira. Chakwana ndendende!

"Agogo, munayeza liti? Makasitomala amandithawa, akuti siponji ikunyowetsa zovala."

Ndati ndinalota.

Waulula zonse ndi Felesiya, mpunga uli m'kamwa. Tiya kuseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako wasiya.

"Ndiye chinali chachikulu? Cha ife awiri?"

Wapita pa dengu, wavundula, watola kachigamba ka nkhanga, wakagwira nthawi ndithu. Akuti amakakumbuka, amake akabwera kuchokera ku Kasungu ankamuberekera pa chitenje chomwecho.

"Agogo, mukanangotipatsa. La kambuku lija linathothoka kalekale. Timafunda la pa kaunjika, sitidziwa n'komwe kuti analifunda ndi apongozi a ndani."

Kuseri kwa nkhokwe kwamveka chifuwa. Tiya wabweza kachigamba m'dengu. Nkhani yathera pomwepo.

Lamulungu, 26 Disembala

Anyamuka m'mawa, mitambo isanasonkhane. Tiya wakhala pa chofunda changa. Pamiyendo ufa, mango, nkhuku yamoyo. Chooneka ndi kamphepete kokha. Kowongoka.

Mawa akuti chiyamba ntchito pa siteji. Azikhalapo a m'tauni onse, onenepa, owonda, a matumba a makala, apongozi a eni ndi omwe. M'nyumba mwa Tiya chizilowa madzulo pamodzi ndi njinga, poopa akuba. Chizigona pabalaza.

Kulowa chalowa. Ndinkafuna zomwezo, eti?

Mvula yayamba atangokhota pa mjigo. Ndiye chanyowa kale.

Dengu lili pakona, lodzaza. Eni zigamba palibe wabwera. Chala chaphwa, manja sakhala, ndayamba kulumikiza: nkhanga, mawotchi, theka la vesi, cha achemwali pakati. Diso la bwana lokha ndaponya pamoto. Ndifunda ndine. Ambiri mwa apongoziwa ndinawasambitsa ali maliseche, nsanza zawo sizingandiuze chachilendo.

Madala ayang'ana, ati iwo zitenje za ana awo aakazi sangafunde.

Chabwino. Ndisoka cha munthu mmodzi.